Anandichotsa ntchito ndili ndi zaka 36, lero ndimakwera madenga

Kalata inabwera Lachisanu masana, kumapeto kwa Okutobala 2023. Ankatiitana mmodzimmodzi, aliyense n'kutuluka ndi envelopu yakhaki ali chete. Akuti kampani ikuchepetsa antchito. Zaka 8 ndikuwerenga makatoni ku sitolo ya kampaniyo zinathera pa tsamba limodzi. Za kulira ndi mmene ndinawauzira mayi a kunyumba sindinena, amene zinamugwerapo akudziwa.

Ndalama ya severance, imene amakupatsani akakuchotsani ntchito, muziwerengera nokha, musangolandira n'kuthokoza. Lamulo la ntchito limati zaka zisanu zoyambirira ndi malipiro a masabata awiri pa chaka chilichonse, kuyambira chaka chachisanu ndi chimodzi mpaka chakhumi ndi masabata atatu, kupyola apo anayi. Ine zinayenera kukhala masabata 19. Pa pepala lawo panali 16, anangowerengera awiriawiri zaka zonse. Ndinapita ku ofesi ya Labour, bambo wina anatenga pensulo n'kundiwerengera kuseri kwa envelopu yomweyo. Nditabwerera nayo, akuntchito anakonza osatsutsa n'komwe, kusonyeza kuti ankadziwa. Ndalama ya notisi ndi ya masiku a tchuthi amene simunapite ndi zapadera, asakuphatikizireni m'menemo.

Ndalamayo inalowa sabata yoyamba ya Novembala. Ndinati ndiyambe ndapuma kaye, mutu uzizire. Pa 9 Novembala kwacha inagwa ndi 44 peresenti, dola kuchoka pa K1,180 kufika pa K1,700. Ndalama ili phee mu akaunti, koma ku Limbe amwenye atseka mashopu kuti asinthe mitengo. Ndinagona ndi mpamba, ndinadzuka ndi ndalama ya ndiwo.

Koma chimene chinandiwawa kwenikweni ndi penshoni. Musanachite china chilichonse, inu amene mudakali pantchito, pitani mukafunse sitetimenti ya penshoni yanu. Lero lomwe. Pa payslip amadula 5 peresenti mwezi ndi mwezi, bwana amayenera kuikapo 10 yake, ndipo ife timangokhulupirira kuti zikufika.

Lamulo latsopano la penshoni la 2023 limalola munthu amene wakhala miyezi itatu osapeza ntchito kutapako gawo lina, kale inali miyezi 6. Sakupatsa zonse, zambiri zimatsala kudikira ukalamba. Ndinadikira miyezi itatuyo ndikuwerenga masiku ngati mayi woyembekezera. Tsikulo ndinadzuka m'mamawa, minibasi ziwiri kuchoka ku Ndirande, 8 koloko ndili pa benchi ku kampani yosunga penshoni yathu. Nambala yanga anaitana cha m'ma 11. Mtsikana wa pa kauntala anayang'ana kompyuta nthawi yaitali, n'kuitana mnzake, awiriwo n'kumanong'onezana. Kenako akuti, "Bambo, kuntchito kwanu sanatumize ndalama miyezi 14. Fomuyi sitingailandire mpaka asaine iwowo."

Miyezi 14! Pa payslip akudula, ndalama osapita.

Ndinakwera minibasi ina kupita kuntchito kwakale. Mlonda amene ndinkamugawira tiyi m'mawa uliwonse anandilembetsa m'buku la alendo. Wosaina ali kumsonkhano. Ndinakhala pa mpando wapulasitiki pafupi ndi geti kuyambira 1 koloko mpaka 4, anzanga akale akudutsa akuyang'ana foni kuti maso athu asakumane. Pomaliza akuti bwerani Lachiwiri. Lachiwiri akuti chidindo chili ndi munthu amene wapita kumaliro. Ndinapita maulendo asanu, ndalama ya thiransipoti ikuchoka m'thumba la munthu wosagwira ntchito. Zinayenda nditalemba kalata yodandaula ku Reserve Bank, kumene kuli woyang'anira makampani a penshoni, n'kuwasiyira kope lake pa risepishoni. Sabata yomweyo foni inalira.

Ndaiwala kunena: kalata yokuchotsani ntchito ija ijambulitseni makope ambiri tsiku loyamba, pamodzi ndi chitupa cha unzika. Paliponse amaifuna ndipo ena sabweza. Ma payslip nawonso musakulungire mandasi, anga ndiwo anali umboni.

M'miyezi yodikirayo ndinatumiza makalata ofunsira ntchito ambirimbiri. Anandiitana kawiri. Ku intavyu ina ndinapeza ana a digiri yatsopano, okonzeka kulandira theka la malipiro anga akale. Apa ndiye ndinadziwa kuti kuofesi sindibwererako msanga.

Za ntchito yoika magetsi a sola anandiuza ndi mlamu wanga. Chiyambire pamene namondwe Ana anawononga malo opangira magetsi a Kapichira mu Januwale 2022, n'kutisiya mumdima kwa miyezi yambiri, anthu anaphunzira kusadalira magetsi a pa waya okha. Mlamuyo anandilumikiza ndi mnyamata wina wophunzira zamagetsi kudzera ku TEVETA, wazaka 24. Ndiye bwana wanga. Amanditchula kuti madala, ine ndimamutchula dzina lake, koma makwerero ndimanyamula ndine.

Sabata yoyamba ndinkafuna kusiya. Malata nthawi ya 12 koloko amawotcha kudutsa m'sole ya nsapato. Muyenera kuponda pamene pali misomali, pomwe pansi pake pali mtengo, apo ayi mupinda lata la eni ake n'kulipira. Manja anga ozolowera bolopeni anatuluka matuza. Tsiku lina ku Chileka ndinalumikiza panelo ku kontirola (kachipangizo koyang'anira kuchajidwa kwa batire) batire ndisanaike, kafungo ka pulasitiki wopserera n'kumveka. Mnyamatayo sanakalipe, anangoti, "Madala, batire kaye, panelo pambuyo. Iyi tidula pa ndalama yanu." Anaduladi. Mpaka lero ndikagwira waya mawuwo amandibwerera.

Chondipweteka china chinali kukumana ndi anthu ondidziwa. Tinapita kukaika sola kunyumba ina ku Namiwawa, wotsegula geti n'kukhala munthu amene ankabwera kudzatenga katundu ku sitolo kwathu. Anandiyang'ana ovolosi, n'kuyang'ana makwerero, akuti, "Aa, achimwene, zinafika potere?" Ndinangoseka. Madzulo ake ndinadya nsima ndili chete.

Chimene sindinkayembekezera n'choti zaka 8 za ku sitolo zija zili ndi ntchito. Mnyamatayo manja ali nawo, koma kotesheni ankalemba pa katoni ya sopo, ndalama ya zipangizo n'kumaisakaniza ndi ya m'thumba. Ndinamutsegulira buku, ndinamuphunzitsa kufunsa dipoziti ndi kulemba kuti mtengo ugwira masiku 7 okha, poti kwacha sichedwa kutembenuka. Panopa mapepala onse ndi anga, iye amandiphunzitsa kuwerengera mabatire ndi kukula kwa inveta, chipangizo chosandutsa magetsi a batire kukhala ogwiritsa ntchito m'nyumba. Ndikukonzekera mayeso a trade test giredi 3, chifukwa popanda pepala ntchito zikuluzikulu sakupatsa, ndipo chilolezo cha MERA, bungwe loyang'anira za magetsi ndi mafuta, chimafuna munthu wamapepala.

Malipiro sanafikebe pa akale aja, miyezi ya mvula imakhala yowuma, ndipo penshoni tsopano palibe wondidulira, ndiyenera kudzikumbutsa ndekha. Ndanena kale koma ndibwereza: kafunseni sitetimenti ija mudakali ndi khadi lolowera pageti. Pa miyezi 14 ija anatumiza 12. Iwiri yotsalayo ndikuitsatirabe, Lachinayi ndipitanso ndikatsika padenga ku Lunzu.