Chubu chikachucha, yezani musanaonjezere torque

Sabata yathayi inathera pa heat exchanger imodzi (chipangizo chimene madzi otentha ndi ozizira amapatsiranamo kutentha kudzera m'makoma a machubu) imene tinkaisintha machubu onse. Anali a carbon steel a SA-179, mamilimita 19.05 kunja, khoma lochindikala mamilimita 2.11, lomwe pa muyeso wa kuchindikala wa BWG timati 14. Ntchito inali kuwalowetsa m'mabowo a tubesheet, chitsulo chochindikala chimene chimagwira mapeto a machubu, n'kuwafutukula ndi expander, chida cha maroller cholowa mkati mwa chubu, kuti agwirane ndi chitsulo cha bowo, madzi a mbali ino asakumane ndi a mbali inayo.

Lolemba makina sitinawakhudze, tinangoyeza. TEMA, bungwe la opanga ma heat exchanger, imati bowo la chubu chotere likhale mamilimita 19.30, ndiye mpata wa pakati pa chubu ndi bowo ndi 0.25. Mkati mwa chubu ndi 14.83, ndipo chikafutukuka mpaka kukhudza bowo mkatimo mumafika 15.08. Kuyambira pamenepo, chilichonse choonjezereka ndi khoma limene likufinyidwa n'kumapyapyala. Eni heat exchanger anafuna kuti lipyapyale ndi 5 mpaka 8 peresenti ya makoma awiriwo, omwe pamodzi ndi 4.22. Mukawerengetsa, mkati muyenera kuthera pakati pa 15.29 ndi 15.42. Malo onse ogwiriramo ntchito ndi mamilimita 0.13 basi, pafupifupi kuchindikala kwa pepala limodzi. Komanso manambala a m'buku sitiwadalira okha, chifukwa machubu a minimum wall, amene khoma lake silingachepere nambala yolembedwayo, amaloledwa kuipitirira mpaka ndi 20 peresenti. N'chifukwa chake tinayeza machubu enieniwo ndi mabowo enieniwo, n'kulemba.

Lachiwiri tinayeserera pa chitsulo chapadera choboola mofanana ndi tubesheet, tikukweza torque, mphamvu imene makina amazungulitsira expander, pang'onopang'ono mpaka mkati mutamathera cha pa 15.34. Tinamanganso collar ya expander kuti maroller aime mamilimita 3 asanatulukire kumbuyo kwa tubesheet, popeza kumeneko chubu chilibe chochitsamira ndipo chimangotupa.

Lachitatu ntchito inkayenda bwino mpaka masana, pamene miyeso inayamba kutsika torque isanasinthidwe. Nditasolola expander ndinapeza maroller atentha osagwirika, mafuta atauma, mandrel, kachitsulo kapakati kokankha marollerwo, ili ndi timizere tofiirira. Zitsulo zikamakhulana chotero makina amafika pa torque yake msanga n'kuzima, khoma lisanafinyike mokwanira. Makina amadziwa mphamvu imene atulutsa, koma zimene zachitikira khoma sazidziwa. Tinayamba kugwiritsa ntchito ma expander awiri mosinthana, ina ikugwira, ina ikuzizira ndi kutsukidwa.

Lachinayi pa hydro test, poyesa ndi madzi a pressure, machubu angapo analengeza timadontho pakamwa. Mnyamata amene ndimagwira naye anali atanyamula kale makina. "Akulu, tingokweza torque pang'ono, zitsekeka zonsezi." Ndinamuuza kuti, "Dikira kaye mng'ono wanga, tenga gauge tiyeze mkati mwa machubu." Maganizo akewo ndi amene aononga ma tubesheet ambiri, ndipo amabwera kwa aliyense ntchito ikachedwa.

Ambiri mwa ochuchawo anali a Lachitatu masana aja, osafika ngakhale 5 peresenti. Amenewo tinachotsa pressure, n'kuwabwereza pang'ono, ndipo anatseka. Koma chimodzi mkati mwake munali 15.48, kutanthauza kuti khoma linali litapyapyala kale kupitirira 9 peresenti, komabe chikuchucha. Chubu chotere kuchipanikizanso n'kuchipha. Chitsulo chofinyidwa mopitirira chimauma, mkati mumayamba kusendeka timamba, ndipo popeza sichingapitenso kunja chimatalika cha m'litali. Choipitsitsa chimachitikira kachitsulo kopyapyala kolekanitsa bowo ndi linzake: kamakankhidwa, bowo loyandikana limapindika, ndipo chubu chimene chinali bwinobwino chimayamba kuchucha. Mukatseka chimodzi n'kutsegula ziwiri, mumangozungulira tubesheet yonse. Khoma louma choterolo ndi limenenso dzimbiri limayambira kung'amba pakapita zaka, makamaka pamene mbali yofutukulidwa imathera.

Chubu cha 15.48 chija tinachizula. M'bowomo munali kamzere kokandika cha m'litali, kochokera kutsogolo mpaka kumbuyo, kamene chikhadabo chinkakodwamo. Madzi ankangotsata kanjirako, ndipo palibe torque imene ikanakatseka. Injiniya wa eni heat exchanger atavomereza, tinasalaza bowolo, tinaliyezanso popeza linakula pang'ono, n'kuwerengetsera chubu chatsopanocho nambala yakeyake.

Lachisanu tinapopanso madzi, gauge ya pressure inakhazikika nthawi yonse yoyesera. Mu lipoti ndinalemba miyeso ya bowo lija payokha, kuti amene adzasinthe machubuwa m'tsogolo adzadziwe kuti ndi lalikulupo kuposa anzake.