Jenereta ya alendo

Lolemba ndi Lachiwiri zinali za masiku onse: asembule, kuitana mayina, kuchonga makope mpaka dzanja kuwawa. Magetsi anazima m'mawa masiku onse awiri, ndiye masamu a Sitandade 3 ndinalemba kumbuyo kwa tchati chakale. Bolodi lathu lamakono linangokhala phee pakhoma.

Sukulu yathu ndi ya pulayiveti, kuno ku Lilongwe, ndipo bolodi logwira ndi kompyutali ndilo chonyadira cha eni ake. Laputopu imatumiza chithunzi ku pulojekita ya kudenga, pulojekita n'kuchiponya pabolodi, ndipo bolodilo limamva chala cha mwana. Likamagwira ntchito ndi labwino, sindinganame. Pa kuchotsera mobwereka, mwana amakoka mtolo wa timitengo kuchoka ku mateni, n'kuugunda, mtolowo n'kumasuka kukhala timitengo 10 ku mawani. Zimene ndimalongosola mpaka mawu kusasa, ana amaziona ndi maso awo. Vuto ndi lakuti pobwera nalo anachotsa bolodi lakuda, ati ndi lachikale, choko n'kusiya kugula. Maphunziro athu a kagwiritsidwe ntchito ka bolodili anali a masana amodzi, ophunzitsa ake ogulitsa omwewo. Za kupukuta fyuluta ya pulojekita ndi fumbi la Okutobala lino, ndinadziwira pa YouTube ndi bandulo yanga.

Lachitatu ndilo landilembetsa izi.

Magetsi kunalibe kuyambira m'bandakucha. Cha m'ma 9 koloko ndinangomva jenereta ikulira, ija timauzidwa kuti ndi ya ku ofesi basi. A hedi analowa akupuma mwawefuwefu.

"Madamu, yatsani bolodi msanga. A dayirekita akubwera ndi makolo ofuna malo a ana awo. Muitane ana ochangamuka okhaokha."

Ndinayatsa. Pulojekita inali itasunthika pang'ono, moti ukalemba apa mzere umatulukira pambali, choncho ndinayamba ndagunda timitanda tija touza bolodi pamene pali chala. Alendo analowa ndikumaliza. Atsikana awiri a kutsogolo anachita bwino, makolo n'kuomba m'manja, foni zili m'mwamba kujambula. A dayirekita anafotokoza kuti pasukulu pano mwana aliyense amaphunzira ndi tekinoloje tsiku lililonse. Ndinayang'ana pansi. Ana 38 anali atamva.

Atatuluka, ndinati mwayi uwu ndisauphonye. Ndili ndi mnyamata wina amakhala pakona, wachete, amene kubwereka kwamuvuta teremu yonse. Ukampatsa 52 kuchotsa 27 amalemba 35, chifukwa amangochotsa kanambala kakang'ono pa kakakulu kulikonse kumene kali. Sakweza mkono, koma tsiku limeneli anakweza, theka chabe, ngati akukanda khutu. Ndinamuitana. Anaima chonyang'ama poti bolodi analikhoma pamsinkhu wa munthu wamkulu, n'kukoka mtolo umodzi. Unamasuka. Anawerenga chapansipansi mpaka 12, natembenuka kundiyang'ana kukamwa kuli yasa. Anayamba kuchotsa timitengo, kamodzikamodzi. Ali pa kachinayi, galimoto ya alendo inatuluka pageti, jenereta n'kuzima.

Kalasi yonse inangoti "Aaaa!" Iye anakhala chiimire, chala chili pabolodi loyera.

"Madamu, ndaononga ndine?"

Ndinamuuza kuti ayi, mwanawe, khala pansi. Ndinatulutsa zitsekerero za mabotolo m'kabati kuti timalize, koma anali atabwerera kale m'chigoba chake. Anangokankhira zitsekererozo kwa mnzake.

Pa buleki ndinapita ku ofesi. Ndinapempha mphindi 15 zokha za jenereta kuti timalize phunziro. A hedi, amene ndi munthu wabwino ndipo anagwirapo choko zaka zambiri, anandiyankha osandiyang'ana: "Madamu, mizere ya mafuta mukuidziwa. Dizilo ameneyu ndi wowerengera." Ndikudziwa, inde. Inenso ndimakwera minibasi yomwe mtengo wake umasintha mafuta akasowa. Koma dizilo wa alendo anapezeka. Komanso pa fizi ya mwana aliyense pali kandalama kolembedwa kuti ndi ka ICT, kutanthauza za makompyuta, ndipo makolo amalipira teremu iliyonse. Ndinawakumbutsanso kuti pulojekita siizimitsidwa mwadzidzidzi chotero, imafunika fani izungulire kaye kuti babu lizizire. Lathu linali litayamba kale kuchita mdima, ana a kumbuyo ankatsinzinira kuti aone.

Lachinayi magetsi anayaka tsiku lonse. Pulojekita inangoonetsa kanyali kofiira. Babu lapita. Kuno mababu amenewa sapezeka wamba, amaitanitsa ku South Africa, ndipo chigwetsereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, chilichonse choitanitsa kunja ku ofesi amachiyankha ndi mawu amodzi: tiona. Kalasi ya Sitandade 5 akhala akudikira lawo kuyambira chaka chatha, bolodi lawo amapachikapo makalendala.

Lachisanu pamsonkhano wa aphunzitsi tinauzidwa kuti tikhale anzeru, tikumbukire TALULAR yomwe tinaphunzira ku koleji ya aphunzitsi (TTC), kutanthauza kuphunzitsa ndi zinthu zopezeka pafupi. Ndinaseka ndekha. Zitsekerero, timitengo ndi makatoni ndinasonkhanitsa kalekale popanda wondiuza. Chimene ndikusowa ndi khoma lolembapo. Kuwerenga ndinachita ndi makadi, Chingerezi ndinawauza pakamwa, ndipo ana atatu anajomba chifukwa cha malungo. Masikimu, mapulani a zophunzitsa aja, ndinapereka pa nthawi yake, monga mwa nthawi zonse, ndi ndime ya zipangizo yolembedwa zoona: tchati ndi maka.

Madzulo ndinacheza ndi mnzanga wa ku koleji amene ali pasukulu ya boma, ana opitirira 100 m'kalasi imodzi. Kwawo kunafika matabuleti ophunzirira a pulogalamu ya boma ya BEFIT, a ana a Sitandade 1 mpaka 4, otchaja ndi sola. Mavuto ali nawo ambiri kuposa ine, koma amene anabweretsa matabuletiwo anaganizira kumene moto udzachokere, ndipo bolodi lake lakuda palibe analikhudza.

Mawa ndipita kwa kalipentala kukafunsa mtengo wa pulayiwudi ndi kachitini ka penti yakuda. Lisiti ndikapereka ku ofesi Lolemba. Akakana kubweza, ndichotsa pa ndalama ya chikondwerero cha aphunzitsi yomwe amatidula mwezi ndi mwezi, ndipo ndiwauza pamaso.