Zimbale zimene zinadikira omvera kwa zaka zambiri

Kwa nthawi yaitali ndinkakhulupirira kuti nyimbo yabwino imadzitchukitsa yokha, ndipo kuti ngati chimbale sichinayende malonda pamene chinatuluka, ndiye kuti panali chimene chinalakwika mwa oimbawo. Maganizo amenewa anayamba kundichoka usiku wina pamene ndinavala mahedifoni n'kumvetsera chimbale cha Nick Drake, woimba wa ku England, chotchedwa Pink Moon kuyambira nyimbo yoyamba mpaka yomaliza. Chimbalechi n'chachifupi, sichikwana theka la ola, ndipo pafupifupi chonse ndi mawu a munthu mmodzi ndi gitala wake, kupatula piyano imene imamveka pang'ono m'nyimbo yoyamba. Ndinkamva zala zake zikutsetsereka pa nsambo za gitala, ndinkamvanso mpweya umene ankakoka asanayambe mzere watsopano, ngati kuti wakhala pampando pafupi nane. Drake anajambula nyimbozi mausiku awiri okha mu 1971, chimbale chinatuluka mu 1972, ndipo iye anamwalira mu 1974 ali ndi zaka 26, zimbale zake zitatu zitagulidwa ndi anthu ochepa kwambiri. Khamu la omvera linamupeza mu 1999, pamene kampani ya Volkswagen inaika nyimbo yake pa kanema wotsatsa galimoto.

Kuchokera tsiku limenelo, ndikapeza chimbale choiwalika ndimafuna kudziwa chimene chinachitsekera njira, ndipo kawirikawiri yankho lake silikhudza luso la oimba. Gulu la Big Star la mumzinda wa Memphis ku America linatulutsa chimbale chake choyamba mu 1972, ndipo olemba nkhani za nyimbo anachiyamikira kwambiri, koma kagawidwe ka zimbale m'masitolo kanasokonekera, moti munthu amene wawerenga matamando aja ankapita kukagula n'kubwerako chimanjamanja. Gulu la Slowdive la ku England linakumana ndi vuto lina. Pamene linatulutsa chimbale cha Souvlaki mu 1993, atolankhani a nyimbo ku Britain anali atayamba kukonda chamba cha Britpop, nyimbo za magitala zosavuta kuimba nawo, ndipo magitala a gululi, amene mawu ake amasakanikirana n'kumamveka ngati nkhungu, anawanyoza kuti ndi achikale. Gululi linatha mu 1995, koma litabwereranso mu 2014 linapeza achinyamata ambiri akuimba nawo nyimbo zimene zinajambulidwa ena mwa iwo asanabadwe.

Nyimbo zimene ndakhala nazo nthawi yaitali kuposa zonse ndi za Zamrock, chamba chimene chinaphuka ku Zambia m'zaka za m'ma 1970. Anyamata a kumeneko anamvera Jimi Hendrix, The Rolling Stones ndi James Brown, kenaka anatenga gitala wa fuzz, uja wa mawu osasa omveka ngati nsalu ikung'ambika, n'kumuphatikiza ndi kaimbidwe ka ng'oma ka kwawo. Chimbale cha gulu la Amanaz chotchedwa Africa, cha mu 1975, ndicho chimandikhudza kwambiri, chifukwa sichithamanga ngakhale pang'ono. Nyimbo zina n'za Chingerezi, zina n'za Chibemba, ndipo m'nyimbo zodekha woimba amatsitsa mawu ngati munthu amene akudziyankhula yekha madzulo, pamene gitala akulira chapatali. Kajambulidwe kake si kosalala, ndipo ndimaona kuti kukhakhala kumeneko ndi mbali ya kukoma kwake, popeza kumandichititsa kumva kuti oimbawo ali m'chipinda chimodzi ndipo akumvetserana.

Chimene chinazimitsa Zamrock n'chomvetsa chisoni. Mtengo wa mkuwa, umene chuma cha Zambia chinkadalira, unagwa chapakati pa zaka za m'ma 1970, anthu anasowa ndalama zogulira zimbale ndi zolowera kumadansi, ndipo pambuyo pake mliri wa Edzi unatenga oimba ambiri. Jagari Chanda, woimba wotsogolera wa gulu la WITCH, anasiya siteji mpaka anafika pokumba miyala yamtengo wapatali kuti apeze zofunika pamoyo. Patapita zaka zambiri, kampani ya Now-Again ya ku Los Angeles inatulutsanso zimbale zakalezo, gulu linakhazikitsidwanso ndi oimba atsopano, ndipo mu 2023 linatulutsa chimbale chatsopano chotchedwa Zango. Ndikaganizira anzake amene sanakhale ndi moyo kuti aone zimenezi, chimwemwe changa chimasakanikirana ndi chisoni.

Ndiyenera kunena mosabisa kuti si chimbale chilichonse choiwalika chimene chili chabwino. Ndamvetsera zimbale zambiri za psychedelic, chamba cha rock chomveka ngati maloto, za kumapeto kwa zaka za m'ma 1960 zimene gitala amalira kwa mphindi khumi popanda kumene akulowera, ndipo kusowa kwake pamsika sikuziwonjezera ubwino uliwonse. Pali chiyeso chokonda nyimbo chabe chifukwa chakuti ena sakuidziwa, ndipo ndimayesetsa kuchikana. Chimene ndimachita n'kumvetsera chimbale chonse katatu pa masiku osiyana, osadumpha nyimbo, chifukwa nyimbo zamtunduwu nthawi zambiri sizikopa pa masekondi oyambirira monga zimachitira zimene zinakonzedwera wailesi. Chikandiitananso ulendo wachinayi, ndimadziwa kuti ndapeza chinthu chenicheni. Umu ndi mmene ndinakondera gulu la The 13th Floor Elevators a mumzinda wa Austin ku America, amene chimbale chawo cha mu 1966 chili ndi kaphokoso kachilendo kobwebweta, kamene poyamba kankandisokoneza, mpaka nditadziwa kuti ndi Tommy Hall akutulutsa mawu pakamwa pa mtsuko atayandikiza maikolofoni.

Sabata ino ndabwerera kwa Vashti Bunyan, mayi woimba wa ku England. Iye anayenda pa ngolo yokokedwa ndi hatchi kuchokera kummwera kwa England kupita kuzilumba za ku Scotland, akupeka nyimbo m'njira, ndipo nyimbozo zinatuluka mu 1970 pa chimbale cha Just Another Diamond Day. Chitakanika malonda, anakhumudwa n'kusiyiratu kuimba, ndipo analera ana ake osakhudzanso gitala kwa zaka zambiri. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990 anafufuza dzina lake pa intaneti, ndipo anadabwa kuona kuti pali anthu amene akusakasaka chimbale chake chija. Chinatulukanso mu 2000, ndipo chimbale chake chachiwiri chinabwera mu 2005, patatha zaka 35. Ndamvetsera zimbale ziwirizi motsatizana dzulo usiku, ndipo mawu ake akadali otsika, onong'ona, ofuna kuti munthu atseke chitseko ndi kukhala chete kuti awamve bwino.