Matailosi a Alberti: pamene ndafika sabata ino

Nkhope za anthu ndazisiya kaye. Sabata ino ndakhala ndikujambula matailosi okhaokha a pansi pa nyumba, potsatira njira yoonetsera kuyandikira ndi kutalikira kwa zinthu pachithunzi, imene katswiri wa ku Italy, Leon Battista Alberti, anafotokoza m'buku lake la kajambulidwe la 1435. Buku lomweli m'Chitaliyana, la 1436, analipereka kwa Filippo Brunelleschi, mmisiri amene chaka chimenecho ankamaliza denga lozungulira la tchalitchi chachikulu cha ku Florence.

Poyambira pake si povuta. Umalemba bokosi la ngodya zinayi, limene Alberti amati uzilitenga ngati windo lotsegula. Umasankha msinkhu wa munthu woti adzaime m'chithunzicho n'kuugawa patatu, gawo lililonse kuimira muyezo wa mkono wa ku Florence, pafupifupi masentimita 58. Ndi muyezo womwewo umadula mzere wapansi. Kenako umaika kadontho pamsinkhu wa mutu wa munthu uja, mizere yonse yochokera pansi n'kukakumana pamenepo. Ine ndinamata pepala pathabwa, n'kukhoma kamsomali pakadonthopo n'kumangirira ulusi wosokera, chifukwa rula yanga ndi yaifupi.

Pamene pali ntchito ndi pa mizere yopingasa. Aliyense amadziwa kuti matailosi akutali amaoneka opanikizana, koma apanikizane motani? Amisiri ena a nthawiyo ankangochepetsa mpata uliwonse ndi gawo limodzi mwa magawo atatu a mpata wapitawo, ndipo Alberti anawatsutsa. Iye amati ufunse kaye: woonayo waima patali bwanji? Ndiye pambali umajambula diso lake pamtunda umenewo, n'kukoka mizere kuchoka padisopo kupita pa timagawo ta pansi tija. Pamene mizereyo yadula mzere woimirira umene ukuimira windo lija, ndi pomwe pakhale malire a matailosi. Ukamaliza umayesa ndi mzere umodzi wodutsa chopendekera. Ukapyola bwinobwino m'ngodya za matailosi onse otsatizana, ndiye kuti zatheka. Wanga unapyola, ndipo ndinakhala ndikungouyang'ana mtima uli mbee.

Ndinajambulanso china, diso nditalisendeza pafupi kwambiri. Matailosi akutsogolo anatalika, a m'mbali n'kupotoka mochita kunyansa. Koma nditatsinzina diso limodzi n'kubweretsa pepalalo pamtunda weniweni umene ndinayeza, pansi ponse panagona myaa, ngati chipinda choti n'kulowamo. Apa m'pamene pandigwira mtima. Wojambula sakungoika zinthu papepala, akusankhiratu malo amene inu mudzaime. Brunelleschi anachita zomwezi ndi chithunzi chake cha nyumba yobatiziramo ya San Giovanni ku Florence: anaboola kachibowo pathabwalo, munthu n'kumasuzumira chakumbuyo kwake akuona chithunzicho pagalasi limene wagwira dzanja linalo. Kumwamba sanapakeko utoto, anaikako siliva wopukutidwa kuti mitambo yeniyeni izionekamo. Thabwalo linatayika kalekale, ndipo zimenezi zimandiwawa.

Chimene chilipobe ndi chithunzi cha Utatu Woyera cha wojambula wachinyamata Masaccio, pakhoma la tchalitchi cha Santa Maria Novella ku Florence komweko, cha m'ma 1427. Kadontho kake kali m'munsi, cha pamsinkhu wa maso a munthu woimirira m'tchalitchimo, moti denga lojambulidwalo umaliona chagada ngati lilipodi. Mizere imene anadinda pa pulasitala wauwisi ikuonekabe. Mnyamatayu anamwalira mu 1428 asanakwanitse zaka 27.

Sabata yamawa ndiyamba zozungulira. Ndikufuna kuika chitsime pakati pa matailosiwa, ndipo kamwa lake liyenera kutuluka kuchokera m'timabokosi tomweti, kadontho ndi kadontho, osati kulijambula mwa kungoyerekeza ndi maso. Pepala limene ndili nalo likunyotsoka ndikafufuta, choncho ndifunafune lokhuthalako, ndi pensulo yolimba ya 2H.