Khomo la amayi ku Kapata

Amayi atagwa m'bafa kumudzi kwathu, kufupi ndi Mtenguleni, tinawatenga kuti adzakhale nafe ku Kapata, mu Chipata. Mwendo unapola, koma mtima sunakhale pansi. Ankagona ndi adzukulu chipinda chimodzi, mbaula osaigwira. Tsiku lina anandiitana: "Mwanawe, ine ndakhala mlendo wodikira mbale? Ndipatse khomo langa."

Ine ndine mmisiri womanga nyumba, choncho ndinawamangira kanyumba ka zipinda ziwiri kuseri kwa yathu, pamtunda woti akaitana timamva. Anzathu a kutchalitchi atabwera kudzawazonda anayamba kufunsa mtengo wake. Bizinesi yathu yomangira okalamba tinyumba totere inabadwira pamenepo.

Masitepe sitiika. Timapanga potsetsereka, ndipo pokwera sentimita imodzi timatalikitsa masentimita 12, kuti wokankha njinga ya olumala asathyoke msana. Chipata ndi wa mapiri, ndiye pamapuloti a m'munsi mwa phiri la Kanjala potsetserekapo pamatalika mpaka kuzungulira khonde. Zitseko ndi za masentimita 90. Simenti ya pansi sitiisalaza kwambiri, ndipo polishi wofiira amene timanyadira uja ndimawapempha mabanja kuti amuiwale; pansi ponyezimira pakangogwa madzi, agogo ali chagada. Chimbudzi n'chokhalapo, chokwera masentimita 45, chifukwa mawondo okalamba sanjuta. Zitsulo zogwirira timazimangira m'khoma momwemo, osati kukhomerera pa pulasitala. Panjira ya kuchimbudzi timaika nyali ya sola, malaiti akathima usiku asapapase mumdima.

Koma chimene ndimachikonda kwambiri sichioneka. Pakhoma la pakati pa zipinda ziwirizo timaikiratu lintala, mtanda wa pamwamba pa khomo uja, n'kutsekapo ndi njerwa. Agogo akadali ndi mphamvu, chipinda chinacho ndi mosungira chimanga ndi nshawa. Tsiku lofuna munthu wogona pafupi likafika, timangogumula njerwazo, khomo latseguka, palibe kusamutsa munthu.

Ndalama ndiye vuto. Ena amabwera ndi za penshoni ya NAPSA, ambiri amalipira pang'onopang'ono akagulitsa soya kapena chimanga, ndiye timamanga m'magawo, kuyambira bafa ndi chimbudzi.

Kwa amayi tinagumula njerwa zija maso atayamba kuchita khungu. Mwana wa mlongo wanga amagona mbali inayo, chitseko chili chotsegula. M'mawa amayi amakolezabe mbaula yawo pakhonde, n'kumaitana nkhuku.