Kachibangili ka ku Disney: mmene ndinalowera ndi kulipirira popanda kugwira ndalama

Chibwerereni ku America, kachibangili kobiriwira kamene ndinapachika pamsomali wa kalendala kandiyankhitsa mafunso ambiri kuposa katundu yense amene ndinabwera naye. Anzanga a kumvano akabwera kudzandilonjera, maso amathera pomwepo. Wina anati ndi wotchi yopanda manambala. Wina atamva kuti ndinkagulira nako chakudya, anagwira pakamwa n'kunena motsitsa mawu kuti, "Mayi, si za 666 zimenezi?" Tsopano mnansi wanga kuno ku Bembeke nayenso waitanidwa ndi mwana wake, ndipo akuti ulendo wa ku Disney ulipo. Ndiye ndati ndilembe mmene zinandiyendera, kuti iye ndi ena asakaime pachipata ngati mmene ndinaimira ine.

Malo ake ndi Walt Disney World, malo a zisangalalo ndi zokwera zosewerera, kufupi ndi mzinda wa Orlando ku Florida. Si paki imodzi ayi, zilipo zinayi zikuluzikulu: Magic Kingdom imene inatsegulidwa mu 1971, EPCOT ya mu 1982, Hollywood Studios ya mu 1989 ndi Animal Kingdom ya mu 1998. Kachibangiliko amakatcha MagicBand. Kanayamba mu 2013, ndipo kamene ndili nako ine ndi ka mtundu watsopano, MagicBand+, kamene kanatuluka mu 2022. Kale aliyense wogona kuhotela za Disney ankapatsidwa kaulere, koma kuyambira mu Januwale 2021 umachita kugula. Tathu anagula mwana wanga, kalikonse madola opitirira 30. Dziwani kuti sikokakamiza. Mutha kulowa ndi khadi kapena foni. Kachibangilika ubwino wake ndi wakuti manja amakhala omasuka, komanso sikaopa madzi.

Ntchito yaikulu imachitika musanachoke pakhomo. Madzulo awiri ulendo usanafike, mwana wanga anakhala patebulo ndi foni, n'kutsegula apu yotchedwa My Disney Experience. Mmenemo anali atalembamo kale mayina athu tonse anayi: iyeyo, mwamuna wake, mdzukulu wanga wa zaka 7 ndi ine. Tikiti ya aliyense anaimangirira ku dzina lake, kenako anatenga tizibangili timodzitimodzi n'kumatigunditsa kumsana kwa foni kuti kalikonse kadziwike mwini wake. Apa mpamene ndinamvetsa chinthu chimene chinandikhazika mtima pansi. M'kachibangilimo mulibe ndalama, mulibe dzina, mulibe tikiti. Muli nambala chabe. Makina ukawagunda amawerenga nambalayo n'kukafunsa kompyuta yawo kuti mwini nambalayi ndani ndipo analipira chiyani. Zili ngati nambala ya foni ya Mpamba kapena Airtel Money: ndalama sizikhala m'kafoni kako ka mabatani, zimakhala kwina, foniyo ndi kiyi chabe. Nchifukwa chake kakatayika sulira maliro. Umalowa mu apu muja n'kukazimitsa, basi kasanduka pulasitiki wamba.

Mitundu tinasankha yosiyana kuti tisasinthanitse. Kenako tinatitchaja usiku wonse ndi kawaya kake, chifukwa MagicBand+ ili ndi batire. Ndinafunsa kuti, "Nanga batire likatha tili pakati pa anthu, atibweza?" Mkamwini wanga anaseka n'kuti, "Ayi amayi, kulowa ndi kulipira sikudalira batire. Batire ndi la timagetsi ndi kunjenjemerako." Ndinadzaona ndekha tsiku lachitatu, nditaiwala kutchaja, kuti ankanena zoona.

Titafika kuhotela sitinaime pamzere wa makiyi. Mwana wanga anali atamaliza zonse pafoni, analembetsa khadi lake la kubanki, ndipo aliyense wa ife akuluakulu anasankha PIN ya manambala anayi. Uthenga unabwera wonena nambala ya chipinda. Tinangopita molunjika, ine n'kugunditsa dzanja pachitseko, kanyali kobiriwira n'kuyaka, chitseko kwee. Gwirani mfundo iyi chifukwa ambiri imawasokoneza: kulipira ndi kachibangili kumatheka kwa okhawo amene akugona kuhotela za Disney ndipo analembetsa khadi. Zonse zimene wagula zimakalembedwa pa bilu ya chipinda. Ngati mukugona kwina kapena kwa achibale, kachibangili kadzakulowetsani pachipata koma pogula mudzatulutsabe khadi kapena ndalama. Mdzukulu wanga mayi ake sanamulole kuti kake kazigula, ndipo anachita bwino, mumva chifukwa chake.

M'mawa tinakwera basi yaulere ya kuhotela mpaka ku Magic Kingdom. Dzuwa la kumeneko musaliyerekeze ndi la kuno kumapiri. Ine wozolowera chisanu cha Dedza, 9 koloko isanakwane thukuta linali kamukamu ngati ndili ku Nsanje. Poyamba mumadutsa pa achitetezo, pamene amatha kukuimitsani kuti aone m'chikwama. Mukapitirira mumapeza timizati tachitsulo tofika m'chiuno, pamwamba pake pali mpira wokhala ndi chithunzi cha mutu wa Mickey Mouse, kambewa ka m'makatuni a Disney. Palibe chitseko, palibe chitsulo chozungulira, pali timizatito ndi antchito oima pambali.

Mdzukulu wanga ndiye anali mphunzitsi. "Agogo, mutu wa Mickey wanuwo ugundane ndi Mickey uyu." Ndinapinda dzanja n'kugunditsa nkhope ya kachibangili pampirapo. Kuwala koyera kunayamba kuzungulira. Wantchito anandilozera kagalasi kakang'ono pambali pake kuti ndiikepo chala. Ndinaika chala cha mkombaphala cha kumanja, monga tinachitira mu 2017 polembetsa ziphaso za unzika. Kanalira kabelu, kuwala kunasanduka kobiriwira, ndipo ndinalowa. Zonsezi sizinakwane nthawi imene munthu amatenga pomanga duku. Eni ake amati sasunga chithunzi cha chala, amangochisandutsa nambala n'kuimangirira ku tikiti yako, kuti wina asabwereke tikitiyo n'kulowera. Wosafuna kudinda amatha kuonetsa chiphaso chokhala ndi chithunzi. Ana osakwana zaka 3 salipira ndipo sadinda.

Tsiku lachiwiri ndiye ndinaona zakuda, ndipo wolakwa ndinali ine. Tinapita ku Animal Kingdom. Dzanja lamanja linali ndi ambulera ndi botolo la madzi, ndiye ndinangoti chala ndi chala, n'kuika cha kumanzere. Kuwala kunabwera kwa buluu. Ndinagunditsanso, buluu yemweyo. Anzanga onse anali atalowa kale, akundiyang'ana kutsogoloko, ndipo kumbuyo kwanga mzere ukukula. Mtima unagunda ngati wa munthu amene wagwidwa ndi katundu wosalipira msonkho pa Dedza boda. Wantchito anakweza dzanja, panabwera mnzake atanyamula kakompyuta ka m'manja. Anandifunsa dzina, n'kufunsa chala chimene ndinagwiritsa dzulo lake. Pamenepo mpamene nzeru zinabwerera. Ndinapatsira mkamwini ambulera, n'kuika mkombaphala wa kumanja, chobiriwira chija n'kuyaka. Buluu satanthauza kuti wabwezedwa, amangotanthauza kuti pali zoti munthu aone. Koma sankhani chala chimodzi tsiku loyamba ndipo mukhale nacho ulendo wonse. Ndipo kachibangili muvale kudzanja limodzi, chala mudinde cha dzanja linalo, kuti musamachite kupotokola mkono.

Mkati mwa paki kachibangili kamagwiranso ntchito pa mizere yachangu yopita ku zokwera, yotchedwa Lightning Lane. Kale inali FastPass+ ndipo inali yaulere, koma kuyambira mu 2021 ndi yolipira. Mkamwini anatigulira pa zokwera zingapo. Umapatsidwa nthawi yako, ukafika umagunda kamzati, chala safunanso, n'kudutsa pambali pa anthu amene aima nthawi yaitali padzuwa. Ndinamva manyazi pang'ono powadutsa, koma mawondo anga anayamikira. Ku Animal Kingdom tinakwera lole yotseguka kukaona njovu, mvuu ndi akadyansonga. Ndinaseka ndekha kuti ndawoloka nyanja yamchere kudzaona mvuu, pamene ku Liwonde ndi pakhomo pomwepa ndipo sindinapiteko.

Chimene chinandidzidzimutsa ndi zithunzi. Tinakwera kasitima kothamanga m'mapanga, ine nditatseka maso, pakamwa yasa, duku litapendekera. Sindinagunde makina alionse. Koma madzulo mwana wanga anandionetsa chithunzi chimenecho pafoni yake. Ndinafunsa kuti anadziwa bwanji kuti gogo wokuwayo ndi wa banja lino. Ndiye anandifotokozera kuti kachibangili kali ndi mbali ziwiri. Ina imagwira ukagunditsa, ina imaulutsa nambala ija patali pang'ono, ndipo makina amene ali m'mbali mwa njanji amaimva ukamadutsa. Apa sindinganame, ndinakhala kaye chete. Chinthu chodziwa kuti ndakhala mpando uti m'sitima chimadziwanso kumene ndayenda tsiku lonse. Za 666 zija ine sindivomereza, chifukwa chinthu chimene umavula pogona n'kuchisiya patebulo si chizindikiro cha munthu. Koma kuti akukuwerenga mapazi, zimenezo ndi zoona, ndipo munthu avale akudziwa.

Tsopano za ndalama, pamene pagona nkhani. Nthawi yoyamba kulipira inali masana a tsiku loyamba. Ndinaona anthu akuyenda atagwira mwendo wa nkhukundembo wootcha, waukulu ngati mpini wa nkhwangwa. Mwana wanga anati, "Amayi, pitani mukagule nokha, muphunzire." Ndinaloza mwendowo, wogulitsa anatembenuzira kwa ine kamakina, ndinagunditsa dzanja, n'kutayipa manambala anayi aja. Basi. Anandipatsa mwendo ndi kalisiti. Ndinaima pang'ono kudikira kuti china chichitike, ngati kuwerenga chenji, koma wotsatira anali atafika kale.

Ine ndakhala zaka zambiri ndikugulitsa mbatata ya kachewere ndi kabichi m'mbali mwa msewu wa M1, ndipo ndimadziwa mmene ndalama imatulukira kwa munthu. Mayi pa Lizulu akafuna kugula, amayamba wafunsa mtengo, n'kunenerera, n'kuchokapo, n'kubweranso. Kenako amatembenukira kumbali, n'kumasula mfundo ya chitenje ndi mano, n'kutambasula kapepala kopindapinda. Nthawi yonseyo mtima ukufunsa ngati chinthucho n'chofunikadi. Ngakhale pa Mpamba umaona uthenga wokuuza zimene zatsala, ndipo umamva kuwawa. Kachibangili kalibe mfundo yomasula ndipo sikakuuza zotsala. Dzanja limangopita lokha. Pofika madzulo ndinali nditagula ayisikilimu wooneka ngati mutu wa Mickey kawiri, chipewa cha makutu cha mdzukulu, kapu, ndi timphatso ta anzanga a kumvano, amene omwewo akundifunsa za 666. Mdzukulu anazindikira msanga kumene kuli khomo lofewa. Kake sikagula, ndiye ankangondigwira mkono n'kumati, "Agogo, tiyeni tikagunde."

Usiku umenewo mwana wanga anatsegula bilu ya chipinda mu apu muja. Chilichonse chinalembedwa, malo ndi mtengo. Sanandidzudzule, anangonditembenuzira foni. Ndinatenga pensulo n'kuyamba kusintha madola aja kupita m'makwacha, ndipo ndisanafike pakati ndinaika pensulo pansi. Ndinaona matumba a feteleza akuyenda ndi miyendo. Mkamwini anati, "Musadandaule amayi, mwabwera kudzasangalala." Ndinayankha kuti, "Apongozi, kusangalala kwabwino n'kodziwa mtengo."

Kuyambira tsiku lotsatira ndinadziikira malamulo anga. M'mawa tinkagwirizana ndalama ya tsikulo. Lisiti lililonse ndinkalipinda n'kuliika m'kachikwama ka pakhosi, ndipo tikakhala pamthunzi ndinkawonkhetsa. Ndisanagunde ndinkawerenga kaye mtengo pa kamakina, mokweza, kuti khutu limve. Madzi ndinasiya kugula, chifukwa m'malo ogulitsira chakudya chachangu ukapempha kapu ya madzi ozizira amakupatsa ulere, ndipo amalola kulowa ndi botolo lako ngakhalenso kamba wako, bola zisakhale m'zotengera zagalasi. Mtedza wokazinga umene ndinachoka nawo kuno unatithandiza kwambiri. PIN musauze mwana, ngakhale akulonjezeni kumwamba. Ndipo kachibangili mukamange bwino, mudine timabatani take mpaka tilowe m'mabowo, chifukwa kamasuka mosavuta mukamavula chikwama cha kumsana. Kanga kanagwa kamodzi m'basi, mdzukulu ndi amene anakatola.

Usiku womaliza tinaima kutsogolo kwa nyumba yachifumu ya ku Magic Kingdom kudikira makombola a m'mwamba. Atayamba kuphulika, kachibangili kanga kanayamba kunjenjemera n'kumasintha mitundu motsatira nyimbo, ndipo nditayang'ana uku ndi uku ndinaona manja ambirimbiri akuthwanima ngati ziphaniphani za kudambo. Mdzukulu anakweza dzanja langa pamodzi ndi lake.

Tsiku lonyamuka sitinapite ku kauntala. Bilu yonse inachotsedwa pa khadi lija, lisiti n'kubwera pa imelo. Tizibangili sabweza, ndi tako, ndipo ukadzapitanso umangomangirira tikiti yatsopano ku dzina lomwelo. Kanga ndikamakatchaja magetsi akakhalapo, kamayakabe. Ana a m'mudzi muno amabwera kudzakavala mosinthana, ndipo dzana ndinapeza kamnyamata kena kakugunditsa pachitseko cha khola la mbuzi, kakudikira kuti chitseguke.