Ku Ashington ndi ku Horden, kumene migodi inatsekedwa

Anzanga ambiri akabwera kumpoto chakum'mawa kwa England amathera ku Newcastle, kujambulitsa pa mlatho wa mtsinje wa Tyne n'kubwerera. Ine ndinapitirira. Ndinakwera sitima ya ku Ashington, imene inayambanso kunyamula anthu mu Disembala 2024 patapita zaka 60, ndipo kuchokera m'tauniyo ndinakafika ku Woodhorn, mgodi wa malasha umene unatsekedwa mu 1981. Lero ndi malo osungirako zakale, koma zitsulo zitalizitali zimene zinkatsitsa anthu kupita pansi zidakaimabe.

Chimene chinandikokera kumeneko ndi zithunzi za gulu la Ashington Group. Mu 1934 amuna ogwira ntchito mumgodi anayamba kalasi yamadzulo ya zojambulajambula kudzera ku WEA, bungwe lophunzitsa anthu akuluakulu ogwira ntchito. Mphunzitsi wawo, Robert Lyon, anayamba ndi kuwaonetsa zithunzi za akatswiri akale a ku Ulaya, koma anaona kuti sizikuwafika pamtima. Ndiye anawauza kuti azijambula okha. Ankagwiritsa ntchito penti wopakira nyumba ndi timatabwa topyapyala, poti ndi zimene anali nazo.

Anajambula zimene maso awo ankaona tsiku ndi tsiku: bambo atagona chammbali akugwetsa malasha ndi piki pamalo oti munthu sangaimirire, mahatchi aang'ono akukoka ngolo mumdima, agalu ampikisano, nkhunda, timadimba ta ndiwo zamasamba, mayi ali pa ntchito kukhitchini. Ndinakhalitsa pa zithunzi za Oliver Kilbourn, amene analowa mumgodi ali ndi zaka 13. Mmene amapindira msana wa munthu pachithunzi, umadziwa kuti msana wakenso unapindikapo choncho. Ndinakumbuka agogo athu amene anapita ku Joni ndi Wenela. Ankatiuza nkhani za kumigodi pakamwa, ndipo zambiri anapita nazo kumanda.

Tsiku lotsatira ndinalowera kummwera, kugombe la County Durham. Ku Horden mgodi unatsekedwa mu 1987, ndipo sipafunika wokuuza. M'misewu ina nyumba zingapo n'zokhomedwa mawindo ndi matabwa. M'paki ya m'mudzimo muli chiboliboli chachitsulo chotchedwa Marra, chimene Ray Lonsdale anapanga mu 2015. Ndi bambo wa mumgodi wovala chisoti, koma pachifuwa pake pali chibowo, mtima unachita kuzulidwa. Ndinalemekeza anthu a ku Horden chifukwa chovomera chiboliboli chotere pakati pa mudzi wawo. Akadatha kuika munthu womwetulira wonyamula nyale, alendo n'kumasangalala. Iwo anasankha chonena zoona za zimene zinawachitikira.

Pafupi pomwepo pali Easington Colliery, kumene kuphulika kwa mumgodi kunapha anthu 83 mu 1951. Anadzala mitengo 83, umodzi pa munthu aliyense. Mgodiwo unatsekedwa mu 1993, ndipo chikepe chachitsulo chimene chinkatsitsa anthu anachiimika pamtunda poyang'ana nyanja.

Ngati mukukonza ulendo, lingalirani Loweruka lachiwiri la Julayi, tsiku la Durham Miners' Gala, mwambo umene unayamba mu 1871. Midzi imene migodi yake inatsekedwa kalekale imasonkhabe ndalama zokonzetsa mbendera zake zazikulu zojambulidwa ndi manja, kapena kupangitsa zatsopano, ndipo mudzi uliwonse umaguba kumbuyo kwa mbendera yake ndi bandi ya malipenga m'misewu ya Durham.